Malipiro a Ogwira Ntchito m'Zipatala za Boma ku Malawi: Mafunso ndi Mayankho

Malipiro a anamwino, azamba, madokotala, alangizi a zaumoyo ndi ena onse ogwira ntchito m'zipatala za boma ku Malawi amayendera malamulo a ntchito za boma, ndipo amakwera kapena kuima malinga ndi bajeti imene Nyumba ya Malamulo yavomereza. Nkhaniyi imamveka kwambiri kukakhala kunyanyala ntchito, nthawi imene mitima ya anthu imakhala itatentha kale. Kayendedwe kake ka masiku onse sikadziwika bwino, ngakhale kwa ena mwa olandira malipirowo.

Kodi ogwira ntchito m'zipatala za boma amalipidwa ndi ndani?

Ndalama zimachokera m'thumba la boma, limene gwero lake lalikulu ndi misonkho yotoleredwa ndi bungwe la Malawi Revenue Authority, ndipo Unduna wa Zachuma ndiwo umazitulutsa mwezi ndi mwezi. Unduna wa Zaumoyo, umene anthu amauloza chala malipiro akachepa, sukhazikitsa wokha mlingo wake. Mlingowo ndi umodzi wa ntchito za boma zonse, ndipo umasungidwa ndi nthambi yoona za olembedwa ntchito m'boma, ya Department of Human Resource Management and Development. Kulemba anthu ntchito ndi kuwakweza kuli m'manja mwa mabungwe awiri. Health Service Commission, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, imaona za ogwira ntchito ku likulu la unduna ndi m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma ndi m'zipatala zazing'ono za kumidzi ali pansi pa makhonsolo, ndipo nkhani zawo zimadutsa ku Local Government Service Commission. Palinso gulu lina losaonekera msanga kwa wodwala: anthu ovala yunifolomu yofanana ndi anzawo, ogwira ntchito m'wodi imodzimodzi, koma olipidwa ndi ndalama za mabungwe akunja monga Global Fund ndi PEPFAR pa kontilakiti ya nthawi yowerengeka. Kusakhazikika kwa ntchito zoterezi kunaonekera poyera mu Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kumayiko akunja.

Nanga n'chiyani chimachititsa kuti wina azilandira zambiri kuposa mnzake?

Chachikulu ndi giredi. Ntchito za boma zinagawidwa m'magiredi otchulidwa ndi zilembo, kuyambira A pamwamba penipeni kutsika m'munsi, ndipo khomo limene munthu amalowera limadalira pepala la sukulu limene ntchitoyo imafuna. Kawirikawiri wa digiri amayambira pa giredi I, wa dipuloma pa K, ndipo ntchito zambiri zofuna satifiketi ya MSCE ndi maphunziro a miyezi yochepa zimayambira pa M. M'kati mwa giredi iliyonse muli masitepe ang'onoang'ono amene munthu amakwera pachaka, koma akafika pa sitepe yomaliza amaima pomwepo mpaka atakwezedwa. Kulemera kwa ntchito sikuwerengedwa m'dongosololi. Mzamba wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, amene amabereketsa amayi usiku ali yekha kenako m'mawa n'kuyamba kuona odwala a pamzere, amalandira za giredi yake, mofanana ndi mnzake wa giredi yomweyo amene ali m'wodi ya anthu okwanira m'tauni.

Kodi munthu akawonjezera sukulu, malipiro ake amakwera pompo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amakhumudwira. Digiri yatsopano siisuntha munthu pa giredi yake. Pamafunika kuti pakhale malo opanda munthu pa giredi yapamwambayo, malowo akhale ndi ndalama zake m'bajeti, alengezedwe, munthu alembe kalata, aitanidwe ku mafunso, apambane. Chimodzi mwa izi chikasowa, namwino amene anachoka pa K kukaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences amabwerera pa K pomwepo, akugwira ntchito ya digiri ndi malipiro a dipuloma. Alipo ambiri amene akhala pa giredi imodzi zaka zoposa khumi. Kwa munthu wotere, kukwezedwa pantchito kungasinthe moyo wake kuposa maperesenti alionse olengezedwa m'bajeti, n'chifukwa chake mabungwe a ogwira ntchito salekanitsa nkhani ziwirizi akakhala pa zokambirana.

Kodi ndalama imene imalowa ku banki ndi malipiro okhaokha?

Peyisilipi ya wogwira ntchito m'chipatala ili ndi mbali ziwiri. Mbali yolowa ili ndi malipiro enieni a giredi, kenako maalawansi: ya top-up, ya ukadziotche yolipirira kuopsa kwa ntchito, ndi ena otengera mtundu wa ntchito imene munthu amagwira. Mbali yotuluka imayamba ndi msonkho wa PAYE, kenako ya penshoni kwa amene ali m'dongosolo losonkha, ya bungwe la ogwira ntchito, ndi ngongole za ku banki, ku SACCO kapena ku makampani obwereketsa ndalama, zimene zimadulidwa ndalama isanamufike mwini wake. Kunja kwa peyisilipi kulinso ndalama ya chiphaso chogwirira ntchito, imene anamwino ndi azamba amapereka ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo madokotala ndi ma clinical officer ku Medical Council of Malawi. Kusiyanitsa malipiro enieni ndi maalawansi n'kofunika kwambiri. Boma likalengeza kuti lakweza malipiro, kawirikawiri limanena za malipiro enieni. Alawansi yolembedwa m'makwacha imatha kukhala pomwepo zaka zambiri popanda woikhudza. Ya ukadziotche ndi umboni wake: pofika kumayambiriro kwa 2020 ogwira ntchito ambiri ankalandira K1,800 pamwezi, ndalama imene inali itatha kale tanthauzo.

Ndani amanena kuti chaka chino awonjezere mwakuti?

Mwa dongosolo, mabungwe oimira ogwira ntchito m'boma, motsogozedwa ndi Civil Servants Trade Union, amakhala pansi ndi gulu loimira boma la Government Negotiating Team. Zimene agwirizana zimapita ku Unduna wa Zachuma, nduna imaziika m'bajeti, aphungu amakambirana n'kuvomereza. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, osati pa 1 Julaye monga kale, choncho malipiro atsopano amayembekezeka mwezi umenewo. Zikachedwa kulowa m'makompyuta, zotsalirazo zimabwera pambuyo, nthawi zina patapita miyezi. A zaumoyo ali ndi mabungwe awoawo amene amamenyera nkhani za maalawansi ndi kagwiridwe ka ntchito: National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi ya anamwino ndi azamba, Physician Assistants Union of Malawi ya ma clinical officer ndi ma medical assistant, komanso mabungwe a madokotala monga Society of Medical Doctors. Palibe lamulo lokakamiza boma kukweza malipiro chaka chilichonse, ndipo palibenso lamulo lolumikiza malipiro ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Zonse zimadalira zokambirana ndi mphamvu za okambiranawo.

Boma likalengeza kuti lakweza malipiro ndi 20 peresenti, kodi aliyense amaona 20 peresenti m'thumba mwake?

Sizichitika choncho, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, nambala yolengezedwa imakhala yapakati: a magiredi apansi amapatsidwa maperesenti ochuluka, a pamwamba ochepa. Kunyanyala ntchito kwa ogwira ntchito m'boma kwa mu Febuluwale 2013, kumene kunatenga pafupifupi milungu iwiri, kunatha ndi mgwirizano wopatsa olandira zochepetsetsa 61 peresenti ndipo akuluakulu 5 peresenti yokha. Chachiwiri ndi msonkho. Mwachitsanzo chabe, munthu wolandira K300,000 pamwezi, potengera mlingo wa msonkho umene unayamba mu Epulo 2024, sankadulidwa kanthu pa K150,000 yoyamba, ndipo pa yotsalayo ankadulidwa 25 peresenti, kutanthauza K37,500, n'kutsala ndi K262,500. Atamuwonjezera 20 peresenti, malipiro ake angafike pa K360,000, msonkho n'kukwera kufika pa K52,500, iye n'kutsala ndi K307,500. Pa K60,000 yolengezedwa, yomufika ndi K45,000, imene ndi 17 peresenti ya zimene ankatenga kale. Ndalama yonse yowonjezerayo imagwera m'chigawo chodulidwa msonkho. N'chifukwa chake kukweza malire a ndalama yosadulidwa msonkho, monga zinachitikira mu 2020 pamene anafika pa K100,000 ndi mu 2024 pamene anafika pa K150,000, kumathandiza kwambiri a magiredi apansi.

Ngati malipiro akhala akukwera pafupifupi chaka chilichonse, n'chifukwa chiyani madandaulo satha?

Chifukwa malipiro sayezedwa ndi kuchuluka kwa makwacha koma ndi zimene makwachawo akugula: thumba la chimanga, lendi ya nyumba, basi yopita kuntchito, fizi ya mwana, feteleza wa makolo kumudzi. Kwacha yagwetsedwa mphamvu kangapo. Mu Meyi 2012 inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi ya ku America, mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Kumayambiriro kwa 2024 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi maperesenti oposa 30 poyerekeza ndi chaka chapitacho. Munthu wa m'chitsanzo uja, kuti agule zomwe ankagula ndi K262,500 mitengo itakwera ndi 30 peresenti, akufunika K341,250. Ali ndi K307,500. Pa pepala wakwezedwa, koma pamsika wachotseredwa K33,750. Kukweza malipiro kosafika pa mlingo wa kukwera mitengo kuli ngati kutunga madzi ndi chidebe chobooka. Zaka zoterezi zikatsatizana, munthu amayamba kudalira ngongole, ndipo ngongole za pa peyisilipi zikafika polekezera, chotsatira chake ndi katapila. Aliyense wofuna kuweruza ngati kukweza kwina kuli kokwanira ayenera kuika nambala ziwirizi pamodzi, ya malipiro ndi ya mitengo imene National Statistical Office imatulutsa mwezi uliwonse. Nambala imodzi yokha siinena zoona zonse.

Kodi top-up imene imatchulidwatchulidwa inayamba bwanji?

Inabadwa m'nthawi ya mavuto aakulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi inali itadzaza mawodi ndipo inkaphanso ogwira ntchito enieniwo. Anamwino ambiri odziwa ntchito ankapita ku Britain, ena ankalowa m'mabungwe omwe si aboma kumene malipiro anali abwino, ndipo maboma ena analibe dokotala ngakhale mmodzi. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka zisanu ndi chimodzi yotchedwa Emergency Human Resources Programme, mothandizidwa kwambiri ndi nthambi ya boma la Britain ya DFID ndi Global Fund. Kuyambira mu 2005, magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, m'zipatala za boma ndi za mishoni, anayamba kulandira ndalama yowonjezera yokwana 52 peresenti ya malipiro awo, yodulidwa msonkho. Sizinali ndalama zokha: sukulu zophunzitsa anamwino ndi madokotala zinakulitsidwa, opuma pantchito anaitanidwanso, ndipo madokotala ongodzipereka ochokera kunja anabwera kudzatseka mipata. Kauniuni wa mu 2010 anapeza kuti chiwerengero cha ogwira ntchito m'magulu amenewa chinakwera ndi 53 peresenti pakati pa 2004 ndi 2009. Ndondomekoyi inatchuka kunja chifukwa mabungwe othandiza ankakana kale kulipira malipiro a ogwira ntchito m'boma, poopa kuti akadzasiya boma silidzatha kupitiriza. Inaonetsa kuti malipiro abwino amasungadi anthu pantchito akayendera limodzi ndi maphunziro ndi kulemba anthu atsopano. Inasiyanso chizolowezi chimene chikuvutabe mpaka lero: chokonza malipiro a zaumoyo kudzera m'maalawansi a pambali m'malo mokonza malipiro enieniwo.

Kodi ogwira ntchito m'zipatala za mishoni amalipidwa ndi ndalama zimene odwala amapereka?

Ambiri amaganiza choncho poona kuti ku mishoni kumalipiritsa, koma si mmene zilili. Mwa mgwirizano wa boma ndi Christian Health Association of Malawi (CHAM), boma ndilo limalipira malipiro a ogwira ntchito ovomerezeka m'zipatala za CHAM monga Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission ndi St Luke's ku Malosa, potsata magiredi a boma omwewo. Zimene odwala amapereka zimagulira mankhwala, mafuta a ambulansi, magetsi, madzi ndi zina zoyendetsera chipatala. Popeza zipatala za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno, makamaka kumidzi, boma likachedwa kutumiza ndalama za malipiro kumeneko ovutika ndi anthu a m'madera amene alibe chipatala china chapafupi.

Nanga lokamu ndi chiyani?

Ndi ndalama imene wogwira ntchito amalandira akagwira shifiti yowonjezera pa nthawi imene anayenera kupuma, pofuna kutseka mpata wa anthu osowa. Si gawo la malipiro a pamwezi. Imachokera ku ndalama zoyendetsera chipatala, n'chifukwa chake imachedwa kawirikawiri chipatalacho chikakhala kuti sichinalandire zokwanira. Inakonzedwa ngati njira yapakanthawi, koma m'zipatala zambiri yasanduka mzati wa ndandanda ya ntchito. Namwino amene watuluka m'mawa atagwira usiku wonse, n'kubwereranso madzulo pa lokamu kuti akwanitse lendi, amafika pa bedi la wodwala ali wotopa, ndipo kutopako kumalipiridwa ndi wodwalayo.

Kodi ogwira ntchito m'zipatala ali ndi ufulu wonyanyala ntchito pofuna malipiro?

Malamulo aakulu a dziko amapatsa wogwira ntchito aliyense ufulu wolowa m'bungwe ndi wa kagwiridwe ka ntchito kachilungamo, ndipo lamulo la Labour Relations Act la 1996 limafotokoza njira yake: mkangano uyambe wapita kwa mkhalapakati, zikakanika m'pamene chidziwitso cha kunyanyala chiperekedwe. Lamulo lomwelo limaletsa kunyanyala pa ntchito zimene zikaima moyo kapena thanzi la anthu lingakhale pangozi, ndipo kusintha kwa mu 2021 kunapatsa olemba ntchito mphamvu yodula malipiro a onyanyala masiku akapitirira atatu pachaka. Izi zimaika a zaumoyo pamalo ovuta. Mu Juni 2024, mabungwe a anamwino ndi a ma clinical officer atakonza zonyanyala chifukwa cha maalawansi amene ankati boma linalonjeza koma silinakwaniritse, boma linakatenga chiletso ku khoti. Komabe mbiri ikuonetsa kuti kusintha kwakukulu kwabwera zinthu zitafika pothina. Mu Epulo 2020, matenda a COVID-19 atangolowa m'dziko muno, ogwira ntchito m'zipatala zingapo anaika zida pansi pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama ya ukadziotche yooneka, ndipo boma linaikweza kuchoka pa K1,800 kufika pakati pa K20,000 ndi K60,000 malinga ndi giredi. Apa pali chosalungama. Dziko likamachotsera gulu la anthu chida cha kunyanyala chifukwa ntchito yawo ndi ya moyo, liyenera kuwapatsa njira ina yodalirika yothetsera mikangano, yokhala ndi chigamulo chimene boma nalonso lingamangidwe nacho.

Popeza malipiro ndi ochepa, kodi n'koyenera kuti wodwala apereke kangachepe kuti athandizidwe msanga?

Ayi. Chithandizo m'zipatala za boma ndi chaulere, kupatula m'mawodi olipira amene amadziwika poyera ndipo amapereka lisiti. Kupempha ndalama kwa wodwala kapena kugulitsa mankhwala a boma ndi mlandu, ndipo kuchepa kwa malipiro sikuufafaniza. Mayi amene wagulitsa nkhuku kuti apeze ya basi yobwera ndi mwana wodwala ndi wosauka kuposa aliyense wolandira malipiro pachipatalapo. M'zipatala za boma muli maofesi a ombudsman wa pachipatala olandira madandaulo otere. N'zoonanso kuti ochita zimenezi ndi ena chabe, ndipo amaipitsa mbiri ya anzawo ochuluka amene amagwira ntchito mokhulupirika pa malipiro omwewo.

N'chifukwa chiyani boma silingowakwezera a zaumoyo mokwanira n'kuthana nazo?

Pali zopinga zenizeni. Popeza mlingo wa malipiro ndi umodzi, kukweza giredi K ya namwino kumakwezanso giredi K ya mphunzitsi ndi ya mlangizi wa zaulimi, ndipo ndalama yake imakhala yaikulu. Ngakhale alawansi yapadera imadzutsa ena: mu 2021 aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna nawonso ya ukadziotche. Gawo lalikulu la misonkho limapita ku chiwongoladzanja cha ngongole za boma lisanafike ku chipatala chilichonse, ndipo pamapologalamu a International Monetary Fund kukula kwa ndalama zolipira ogwira ntchito m'boma kumayang'anitsitsidwa. Mu 2001 mayiko a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma zaka zambiri Malawi sanafikepo, ndipo ndalama zoposa theka zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo zakhala zikuchokera kwa mabungwe ndi mayiko akunja. Chopinga china n'chowawa kwambiri: ndalama yomweyo imene ingakweze malipiro a amene ali kale pantchito ndi imenenso ingalembe anamwino ndi madokotala omaliza sukulu amene akukhala pakhomo zaka, pamene mawodi alibe anthu. Zopingazi si zabodza, koma sizikutanthauza kuti palibe chochita. Bajeti ndi kusankha, ndipo ndalama zotayika pa mayina a anthu amene kulibe pa ndandanda ya malipiro, pa maalawansi a misonkhano ya kunyanja ndi pa kugula katundu mokweza mitengo zimachokera m'thumba lomwelo limene amati ndi louma.

Kodi kukweza malipiro kokha kungaletse anthu kuchoka, n'kukonza chithandizo m'zipatala?

Malipiro ndi maziko, koma paokha sakwanira. Boma la Malawi silingapikisane ndi malipiro a ku Britain kapena ku South Africa, ndipo ngakhale bungwe la World Health Organization linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko 55 amene sayenera kukopedwa ogwira ntchito zaumoyo mwadala, munthu payekha saletsedwa kufunsira ntchito kunja. Kuchoka kwambiri kumachitikanso m'dziko momwemuno: kuchoka kumudzi kupita m'tauni, kuchoka m'boma kupita ku mabungwe, kuchoka m'wodi kupita mu ofesi. Chimene chimasunga mzamba ku Nsanje kapena ku Chitipa ndi malipiro ofika pa tsiku lake, nyumba yosadontha, magetsi ndi madzi pachipatala, mankhwala m'famase, mnzake wosinthana naye kuti apume, ndi chiyembekezo chakuti akagwira zaka zingapo adzakwezedwa kapena kutumizidwa kusukulu. Mlangizi wa zaumoyo amene amapalasa njinga kukapima ana kusikelo ya pansi pa mtengo amafuna zomwezo, kuwonjezapo njinga yamoyo. Vuto lalikulu la dongosolo la pano n'lakuti limasuntha pokhapokha kukagwa mliri, anthu akathawa kapena akanyanyala. Chofunika ndi kuunika malipiro ndi maalawansi onse chaka chilichonse potsata kukwera mitengo kwa zinthu, kuwerengera maalawansi m'maperesenti a malipiro kuti azikwera nawo limodzi, kukweza anthu pantchito pa nthawi yodziwika, ndi kupereka ndalama yapadera yooneka kwa ogwira ntchito m'madera ovuta kufikako. Zinayi zonsezi zili m'mphamvu ya boma ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo sizifuna kudikira mliri wina.